Foni Inalira Ndili M'dzenje la Manda a Mayi Anga

Moni nonse abale, amene mwabwera mwa kufuna kwanu ndi amene mwachita kukankhidwa ndi akazi anu. Mulungu amene anandisungira moyo ndikumuthokoza, koma inu musathamangire kundiombera m'manja. Ena a inu ndikukudziwani bwinobwino. Munkandiseka pa Naisi ine ndikuyenda dzandidzandi, lero mwakhala mabenchi a kutsogolo ndi nkhope zachifundo ngati mwaiwala. Ine sindinaiwale. Abusa andipempha kuti ndiyankhule nanu inu amene mukulimbana ndi mowa, ndipo ndavomera chifukwa ambiri a inu mumamwa podikira chinachake. Wina akudikira ntchito ya m'boma, wina akudikira mwayi wobwerera ku Joni. Nanenso ndinkadikira, ndiye khalani chete mumve mmene kudikira kumadyera munthu.

Ndine Lameki Namakhwa, mwana wa malemu a Nankhoma a kutsidya kwa mtsinje uko. Ntchito yanga ndi yoyendetsa ndege. Nditamaliza sekondale ku Malosa ndinapeza mwayi wa maphunziro kunja, ndipo nditabwerako ndinalembedwa pa kampani ina yaing'ono. Ndege zake ndi zija zamafani, zonyamula anthu ochepa, zotera ngakhale pabwalo lafumbi. Timanyamula alendo okaona nyama, madokotala, mankhwala, nthawi zina ndi anthu opita m'maiko oyandikana nafe. Ndinakwera mpaka kukhala kaputeni, ndiye kuti wokhala mpando wakumanzere, mwini ulendo.

Koma mumve ichi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pantchito yathu palibe amene amalowa kampani yaing'ono kuti akalambire pomwepo. Aliyense maso ali pa makampani akuluakulu a majeti, aja owoloka nyanja. Kumeneko ndiye kuli malipiro, ulemu ndi penshoni. Ndipo iwo polemba ntchito sayang'ana nkhope yako, amayang'ana maola amene wakhala mumlengalenga. Ndiye ife timasonkhanitsa maola ngati mmene inu mumasonkhanitsira mpunga m'matumba. Ine sindinkakana ulendo. Mnzanga akadwala, ndine. Khirisimasi, ndine. Kuno kumudzi kukagwa maliro, achemwali anga a Esinati ankandiyimbira, ine n'kutumiza chipepeso pafoni, n'kukwera ndege. Ndinkati anthu amvetsa, si mwana wawo akuwapangira dzina?

Tsiku linafika. Kampani ina yaikulu ya kunja inandiitana kukayesedwa. Anandifunsa mafunso, anandilowetsa m'makina aja oyeserera kuuluka uli pansi, anandizimitsira injini, anandiponyera mphepo, zonse ndinakhoza. Pomaliza anandigwira chanza n'kunena kuti ndibwerere kwathu, andiyimbira foni gulu lotsatira likamayamba maphunziro. Sanandipatse tsiku. Sanandisainitse kanthu. Anangoti andiyimbira.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ine ndinayetsemula wapamphunoyo ndekha. Sabata yomweyo ndinasiya ntchito. Ndipo sindinachoke mwaulemu ayi. Bwana wathu, mkulu wa oyendetsa ndege, anandilangiza kuti ndidikire kaye mpaka andiitanedi. Ndinamuyankha pamaso pa anthu kuti ndatopa kuyendetsa maminibasi a mumlengalenga. Panali mtsikana wina, Tamanda, amene ankakhala mpando wakumanja pambali panga, ine ndikumuphunzitsa ntchito. Ameneyo ndinamuuza kuti iye adzamera imvi ali pa kangolo komweko. Iye anangopitiriza kuyendera matayala a ndege.

Zotsatira zake ndizithamangitsa, chifukwa kugwa sikuchedwa. Unabwera mliri uja, mabwalo a ndege anatsekedwa, kampani yaikulu ija inasiya kulemba anthu, inayamba kuchotsa ngakhale ake omwe. Kumwamba kutatsegukanso, anayamba ndi kubweza amene anawachotsa. Kenako anatenga achinyamata amene anali akuulukabe. Ine ndinali nditakhala pansi nthawi yaitali, ndipo maola a woyendetsa ndege amasasa ngati thobwa, sasungika. Laisensi inatha mphamvu. Chiphaso cha dokotala chinatha. Ndinagogoda m'makampani ena ang'onoang'ono, koma dziko lathu la ndege ndi laling'ono kuposa msika wa pa Domasi. Aliyense asanakulembe amayimbira bwana wako wakale, ndipo wangayo ankangowabwerezera mawu anga a maminibasi aja.

Nyumba ya ku Blantyre ndinatuluka. Mkazi wanga anatenga ana kupita kwawo, ndipo sindimuimba mlandu, chifukwa nthawi imeneyo ndinali nditayamba kale kugona ndi botolo. Ndinabwera kuno kudzakhala kwa mayi anga, bambo wamkulu wandevu kumadya za nkhalamba. M'mawa ndinkavala malaya anga oyera a ntchito, aja a mizere pamapewa, n'kukwera kabaza kupita pa Naisi kwa a Nachisale ogulitsa kachasu. Foni yokha ndiyo sinkazima. Ndinkalolera kugona ndi njala koma foni itchajidwe kubabashopu, chifukwa mwina lero ayimba.

Ndipo inu munapeza choseweretsa. Ndikunena inu, musayang'ane pansi. Munkati a Kaputeni atilandire m'ndege, tiwagulira kamodzi. Ine n'kuimirira, n'kukonza kolala, n'kuyamba kulankhula Chingerezi chija timalandirira okwera: nyengo ili bwino, mangani malamba, tifika nthawi yakuti. Inu kufa nako kuseka, wina kuliza mluzu, wina kutambasula manja ngati mapiko. Mukatha mumanditsanulira, ine n'kumwa. Mumtima ndinkakunyozani nonse. Ndinkati awa ndi anthu apansi, ine ndangodutsa pano, akangoyimba ndisiya mowa tsiku lomwelo, manja angawa ntchito akuidziwa. Bodza limenelo ndi limene linandisunga pamenepo, ndipo ndikudziwa kuti aliyense wa inu ali ndi lake lofanana nalo.

Mayi anga anamwalira kuchipatala masana ena ine ndili pa Naisi. Anachita kubwera kudzanditenga alamu anga, amuna awo a Esinati. M'mawa mwake tinapita kumanda kukaloza malo okumba, monga mwa mwambo. Tinawapeza adzukulu afika kale, makasu, mapiki ndi mafosholo zili pansi, iwo atakhala pamthunzi. Palibe anaimirira. Mkulu wawo anali Bonifesi, amene tinaphunzira limodzi kupulayimale. Alamu anga anafunsa chimene chavuta, ndipo Bonifesi anayankha osandiyang'ana n'komwe.

"Palibe chavuta. Maliro n'kulirana. Bambo anga anamwalira, a Kaputeni anali kumwamba. Mwana wanga anamwalira, anali kumwamba. Atsika tsopano, akhala nafe pano, koma maliro akagwa amakakhala pa Naisi. Lero akumbe okha."

Alamu anga anapepesa, analonjeza mbuzi. Bonifesi anakana. Anati mbuzi idyedwa n'kuiwalika, iye akufuna aone thukuta langa. Ndikumbe ndekha mpaka dzenje lifike m'chiuno, akatero iwo apitiriza. Ndinamutukwana. Ndinamuuza kuti ndi nsanje, kuti iye sanakwerepo ngakhale basi yopita ku Lilongwe. Iye anangokankha piki ndi phazi kuti ifike pamene ndinaima.

Ndinavula malaya oyera aja, n'kuwayala pa udzu, n'kuikapo foni pamwamba, moyang'ana kwa ine. Mukumva? Kumanda, pokumba dzenje la mayi anga, ndinaonetsetsa kaye kuti foni ili poti ndiimve. Ndiye ndinayamba kukumba. Dothi la kumanda kwathu mukulidziwa, ndi la m'munsi mwa phiri, miyala yokhayokha. Piki inkadumpha n'kundibwerera. Thukuta linkanunkha kachasu wadzulo lake mpaka ine mwini ndinkadzimva. Ndinasanza kawiri, ndikuchita kukwawira kunja kuti ndisadetse dzenje. Zikhatho zinatuluka matuza, matuza anaphulika. Adzukulu ankangocheza za mpira. Dzuwa linakwera, ndipo kumudzi tinkamva azimayi akuimba, kudikira uthenga woti manda atha.

Dzenje litafika cha m'mawondo, foni inalira. Ndinasuzumira, nambala yosadziwika. Abale, sindinaganize chilichonse. Ndinataya piki, ndinakwera pamulu wa dothi limene ndinafukula, dothi lija linagumukira m'dzenje, ine osasamala. Ndinaponda manda a pambali pake, ndinagwetsa mtanda wake, ndinapukuta manja pa thalauza. Ndinakonza pakhosi n'kuyankha m'Chingerezi, ndi mawu aja a kaputeni, kutchula dzina langa lonse.

Anali a Nachisale. Anabwereka foni ya munthu wina. Ndipo foni yangayo inali yaphokoso, mawu awo anamveka manda onse. Anati amva za zovuta, pepani kwambiri, koma amafunsa ngati angabweretse chigubu kusiwa konko, poti ine ndi kasitomala wawo wamkulu ndipo sakufuna ndivutike kuyenda.

Ndinkayembekeza kuti adzukulu aseka. Akanaseka ndikanapeza wolimbana naye. Sanaseke. Ngakhale mpira anasiya kukamba. Alamu anga anatembenuka kuyang'ana kuphiri. Ine ndinaima pamenepo wopanda malaya, foni kukhutu, phazi limodzi pa manda a munthu. Bonifesi ndiye anayankhula.

"Mwagwetsera dothi m'manda a mayi anu. Tsikani mukalichotse."

Ndinatsika. Nditagwira fosholo ndinaona manja anga akunjenjemera, osati pang'ono, kunjenjemera koti dothi linkatayika ndisanaliponye kunja. Ndinayesa kuwaletsa, anakana. Ndinawakanikiza pa bondo, bondo nalo linayamba. Pamenepo ndi pamene ndinadzifunsa funso limene ndinkalithawa: ikanakhala kampani ija, ndikanapita ndi manja ati? Ndinkadikira foni yoitana munthu amene kunalibenso. Ndinalira m'dzenjemo, koma ndikuuzeni zoona, sindinkalira mayi anga. Ndinkadzilira ndekha, ndipo manyazi a chimenecho sanandichoke mpaka lero.

Ndinafika m'chiuno dzuwa litapendeka. Adzukulu anatsika n'kumaliza mwachangu, koma mwambo wonse unachedwa, anthu ochokera kutali anabwerera ndi mdima, ena osadya. Titaika maliro, a Esinati anandipeza kuseri kwa nyumba. Anali atamva kale zonse. Sanakweze mawu.

"Achimwene, amayi akhala m'bokosi tsiku lonse kudikira inu, ngati mmene ankakudikirirani ali moyo. Ndege mukuidikirayo, ngakhale itatera pabwalo la sukulu apa, ine sindingakwere mukuyendetsa inu."

Ndinawapatsa foni ija. Sanandipemphe, ndinangoitulutsa n'kuwapatsa, iwo n'kuimanga pa nsonga ya chitenje.

Tsopano mumve zimene ndinachita, chifukwa misozi yokha siinachiritsepo munthu. Choyamba ndinapita kuchipatala. Musanamizane kuti mwamuna amangosiya. Ine nditangosiya ndinayamba kuona zinthu zoyenda pakhoma, thupi lonse kugwedezeka, ndipo adokotala anati ndikanakhala kunyumba ndikanatha kufa. Ngati mwamwa nthawi yaitali, kasiyireni m'manja mwa achipatala. Nditatuluka ndinasintha njira. Pa Naisi sindinkatsika, ngakhale kukagula mchere. Alamu anga ananditenga kudimba la mpunga, m'matope kuyambira m'mawa, kuti pofika madzulo thupi lifune mphasa osati botolo. Malaya oyera aja a Esinati anawang'amba n'kupanga zosefera.

Maliro akagwa ndinayamba kupita, ndi khasu langa. Musaganize kuti ine ndi Bonifesi tinakumbatirana. Mpaka pano sitimwerana madzi. Ndimakhulupirirabe kuti anasangalala tsiku lija, ndipo munthu wosangalala pamaliro a mayi a mnzake sindingamutche m'bale. Koma dzenje timakumba limodzi, iye mbali iyi ine mbali iyo, osayankhulana.

Manja atakhazikika ndinatenga mabuku anga akale n'kuyamba kuwerenganso ngati mwana wa sukulu. Kenako ndinachita chinthu chowawa kuposa kukumba manda: ndinakwera minibasi kupita kwa bwana wanga wakale. Anandisiya pabenchi kuyambira m'mawa, potuluka anangoti maminibasi awo adzaza. Ndinabwereranso. Ndinabwereranso kachitatu. Pomaliza anati ntchito ilipo yotsuka ndege ndi kukweza katundu, ngati ulemu wanga ungalole. Ndinavomera. Anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha ankandidutsa atavala malaya oyera, ine ndili ndi ndowa ndi chiguduli. Ena ankandipatsa moni mokweza dala. Ndinkatukwana chamumtima, koma ndowa sindinaitaye.

Dokotala wa oyendetsa ndege sanandikhulupirire msanga, ndipo anachita bwino. Ankanditenga magazi mobwerezabwereza kwa nthawi yaitali asanandibwezere chiphaso. Atandibwezera anaikapo lamulo: ndisanakwere ndege iliyonse ndiziuzira mpweya m'kachipangizo koyezera mowa, pamaso pa mboni. Mpaka lero ndimauzira. Kakadzangowerenga kanthu tsiku limodzi, basi, palibenso kachiwiri.

Woti andiphunzitsenso kuuluka anali Tamanda, mtsikana uja ndinamunyoza. Anali atakhala kaputeni, ndiponso mphunzitsi wa anzake. Tsiku loyamba anandilozera ndege n'kunena kuti kangolo kaja ndi aka, ngati ndikufuna ndikwere. Ndinakhala mpando wakumanja, iye wakumanzere. Kale ndinkamuti iwe, tsopano ndinayamba kumuti inu, a Kaputeni. Sanandichitire chifundo ngakhale pang'ono. Ndikatera mokhotakhota ankangoti tibwerezenso, ndikatera bwino ankatinso tibwerezenso. Ndinamuda. Koma ndi iye amene anasaina kuti ndakhoza, ndipo ndinayambanso kunyamula anthu.

Mukuganiza kuti apa ndiye pobwera nkhani yokoma, eti? Makampani akuluakulu anayambadi kulembanso anthu. Ndinatumiza pempho langa. Anandiyankha mwaulemu kuti ayi. Zaka zapita, mpata umene ndinakhala osauluka ndi waukulu, ndipo mbiri ya kwa dokotala siifufutika. Zaka zimene akanandilemba ndinazimwera pa Naisi. Kusiya mowa kumakubwezera manja ndi mutu, koma zaka sikukubwezera, ndipo amene angakuuzeni zosiyana ndi zimenezi akukunamizani.

Miyezi ingapo yapitayo ndinali pabwalo la ndege masana, nditangotera kumene, foni yanga yatsopano inalira. Nambala yakunja. Ndinayankha. Anali mayi wina wa ku kampani yaikulu ija, yomwe ija inandigwira chanza. Anafunsa ngati akuyankhula ndi a Namakhwa. Ndinati ndine. Anati akuyimba pa nkhani ya Tamanda. Wakhoza mayeso awo onse, ndipo wanditchula ine ngati munthu amene anamuphunzitsa ntchito ndi kuuluka naye nthawi yaitali. Asanamulembe akufuna amve kwa ine ngati ndi munthu woti angamupatse ndege yodzaza anthu.

Ndinali ndi chonena. Tamanda akuyamba kumene ntchito anateradi moipa tsiku lina mpaka tayala linaphulika, ndipo ndinali pambali pake ndine. Sindikanafunika kunama. Ndikanangoitchula nkhaniyo n'kupumira m'mwamba pang'ono, iwo akanamva zimene ndikutanthauza, n'kutenga wina. Ndinkafuna kutero. Ndikunena pano m'nyumba ya Mulungu, ndinkafuna ndi mtima wanga wonse, chifukwa mpando umenewo unali wanga.

Ndinawauza ndekha za tayala lija, kuti zinachitika ali wophunzira, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinamuonenso akubwereza cholakwa chimodzi kawiri. Ndinati pa anthu onse amene ndauluka nawo, ndi iye yekha amene ndingamupatse ana anga kuti awanyamule nyengo itaipa. Mayiyo anathokoza n'kudula. Ine ndinapita kuseri kwa shedi n'kumenya khoma ndi chibakera.

Nditakumana ndi Tamanda ndinamufunsa chifukwa chake anatchula ine, akudziwa mmene ndilili.

"Munandiphunzitsa ndinu," anatero. "Ndikanatchula ndani?"

Ananyamuka mwezi watha. Panopa akuphunzira jeti. Nsanje ndikadali nayo, sindikubisa, imandidzutsa m'mawa ngati chilonda cha m'mimba. Ndimaipempherera, siinachoke. Koma m'mawa wa tsiku lotsatira foni ija ndinaima pamaso pa mboni, ndinauzira m'kachipangizo, ndipo sikanapeze kanthu. Ndinakwera ndege yanga yaing'ono ndi makatoni a mankhwala, ndinakatera pabwalo lafumbi, manja ali phee.

Umboni wanga wathera pamenepa. Foni imene ndinataya chifukwa cha iyo ntchito, banja ndi ulemu wa maliro a mayi anga inaliradi, ndipo siinali yanga. Ndinaiyankha ndili wosaledzera, ndipo sindinamuphere munthu tsogolo. Ndi chokhacho chimene ndakubweretserani. Amene akufuna nkhani yokoma kuposa imeneyi akaimve kumowa, kumeneko aliyense ndi kaputeni.